ZA MPANDO WA M'NDEGE: KUYAMBIRA PA WENELA KUFIKIRA PA DIEPSLOOT

Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg, umene anthu olankhula Cinyanja anauzolowera ndi dzina lakuti Joni, kuli mudzi waukuru wochedwa Diepsloot. Dzinali ndi la Cibunu, ndipo litanthauza ngalande yakuya. M'mudzimo mukhala anthu a mitundu yambiri, eni dziko ndi alendo omwe, ndipo mwa alendowo muli ana a ku Malawi, a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, amene anatsata nchito monga anacitira makolo ao. Munthu akaima pakhomo pa kanyumba kace ka malata m'mamawa amamva mkokomo kumwamba, pakuti bwalo la ndege la Lanseria liri pafupi, mitunda yosafika khumi. M'ndege zimenezo muli anthu amene anasankhiratu pokhala asanacoke kunyumba: wina pa zenera, wina m'mbali mwa kanjira, wina kutsogolo kumene munthu atambasula miyendo.

Codabwitsa n'cakuti agogo ace a mnyamata woima pakhomoyo anayenda gawo lalikuru la ulendo wao wa ku Joni pa ndege, ena a iwo asanakwerepo ngakhale sitima ya pamtunda. Koma mdzukulu, amene lamulo limlola kukhala pa mpando uli wonse, akafuna kukaona kwao amatha masiku awiri m'basi. Omvera a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe ambiri ali ndi mbale ku Joni, ndipo kuyenera kuti amve m'mene zinthu zinatembenukira cotero.

Ciyambi ca nkhaniyi ndi Wenela. Eni migodi ya golidi anakhazika bungweli, limene dzina lace lenileni ndi Witwatersrand Native Labour Association, kuciyambi kwa zaka za ma 1900, kuti liziwafunira anthu a nchito kunja kwa South Africa. Anyamata oyamba ocokera ku maiko ofunda a kumpoto anafa ambiri ndi cibayo, kotero kuti m'caka ca 1913 boma la kumeneko linaletsa kuwalemba. Ciletsoco cinacotsedwa m'zaka za ma 1930, ndipo mkuru wa Wenela, William Gemmill, anayala misasa, miseu ndi maboti kufikira ku Barotseland ndi ku Nyasaland. Koma ulendo unali wautali ndithu. Munthu wa ku Mongu anali kutsika ndi mtsinje wa Zambezi, nakwera lole m'mcenga wa Bechuanaland, nafika ku Francistown atalema ngati wacokera kumatenda. Masiku onsewo Wenela inali kumdyetsa ndi kumgoneka asanaphwanye ngakhale mwala umodzi, ndipo eni migodi sanali anthu osadziwa kuwerengera.

Tsono m'caka ca 1952 Wenela inayamba kunyamula anthu ndi ndege zacezace. Poyamba zinali zochedwa Dakota, za injini ziwiri, zimene zinamveka pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Pambuyo pace kunafika zazikuru za injini zinai, zochedwa Skymaster. Likuru la ndegezi linali ku Francistown. Zinali kutola anthu pa Chileka, ku Lilongwe, ku Fort Hill kumene lero ndi Chitipa, ku Mongu ndi pa mabwalo ena ang'onoang'ono, ndipo pofika ku Francistown anthu anali kulowa m'sitima ya pamtunda kunka ku Joni, ku msasa waukuru wa Wenela umene anauchula Mzilikazi.

Kakweredwe kace kanali kotere. Mnyamata anali kuyamba waima pamaso pa dokotala, napimidwa pacifuwa, nakwera pa sikelo. Akapezeka wamphamvu anadinda cala pa cipangano, ndipo kuyambira pomwepo ulendo wonse unali m'manja mwa Wenela. Sanagule tikiti pa zenera la ofesi monga acitira mlendo. Tsiku la ndege likafika anthu anali kufola pa mzere, kalaliki ali ndi cikalata ca maina, nalowa monga anawaitanira. Panalibe wakufunsa ngati akonda zenera kapena kanjira, ndipo iwonso sanayembekeze kufunsidwa. Ndege sinadze kudzawasangalatsa ai. Inadza cifukwa migodi inali ndi njala ya manja. Komabe sikuli bwino kunyoza cimene anyamatawo anaona. Anzao opita paokha, ochedwa a selefu, anali kudula mapiri ndi nkhalango pansi, kuthawa zirombo ndi apolisi, kapena kupanikizana m'sitima ya anthu wamba imene ku Rhodesia anaicha mbombela. Wa Wenela anabwera kumudzi ndi sutikesi, njinga ndi nkhani yakuti waona mitambo ili pansi pace, ndipo pa bwalo madzulo akuluakulu omwe anali kuchera khutu.

M'caka comweco ca 1952, mwezi wa May, mlengalenga momwemo munapita ndege ya mtundu wina. Kampani ya ku Mangalande ya BOAC inautsa ndege ya jeti yochedwa Comet kucokera ku London, nitera ku Rome, ku Beirut, ku Khartoum, ku Entebbe ndi ku Livingstone, nifika ku Johannesburg tsiku lathunthu lisanakwane. Inanyamula alendo 36 okha, ndipo ndiyo inali jeti yoyamba pa dziko lonse kunyamula anthu olipira. Masiku amenewo ulendo wa pa ndege unali wa olemera ndi wa akuru a boma, ndipo mipando yonse inali ya ulemu umodzi. Koma makampani anaona kuti akafinya mipando, nacepetsa cakudya, adzatsitsa mtengo ndi kupeza anthu ambiri. Cotero m'caka comweco anayambitsa gawo laciwiri pa maulendo ooloka nyanja ya Atlantic, ndipo mu 1958 anatsitsanso ndi gawo la anthu wamba limene liripo kufikira lero. Apa ndipo panayambira cinsaru cija cimene cimacinga pakati pa a kutsogolo ndi a kumbuyo.

Maiko atatu aja anali ndi kampani yao, Central African Airways, imene inakhazikidwa mu 1946. Mu 1960 inayesa maulendo ochipa ochedwa Skybus pakati pa Salisbury ndi Nyasaland, pofuna anthu akuda ogwira nchito ku Halale. Mwa kampani imeneyi munabadwa Air Malawi mu 1964, pamodzi ndi alongo ace a ku Zambia ndi ku Rhodesia, ndipo pakutha pa 1967 ali yense anayamba kudziyendetsa yekha. Zambia itadzilamulira, boma la Kenneth Kaunda linatsekera Wenela pakhomo mu 1966. Malawi yekha anapitiriza, ndipo pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa anaposa 100,000.

Ndipo kunafika tsiku la 4 April 1974. Skymaster ya Wenela inanyamuka pa Francistown kunka ku Blantyre, itadzaza ndi amuna amene anatsiriza cipangano cao, ali ndi katundu ndi mphatso za akazi ndi ana. Ingonyamuka injini zinayamba kubvuta; woyendetsa anayesa kubwerera, koma ndege inagwa pafupi ndi bwalo nipsa. Mwa anthu 84 anafa 78, ndipo oposa 70 a iwo anali Amalawi. Ofufuza anapeza kuti petulo wace anasanganizika ndi mafuta a ndege za jeti, amene ali ngati parafini ndipo sayenerana ndi injini za mtundu umenewo. Sikunali mphepo kapena mphezi, koma kulakwa kwa manja a anthu pansi. Maliro anamveka m'maboma ambiri a Malawi nthawi imodzi, ndipo mabanja ena anali atasesa kale pabwalo kuyembekeza mlendo.

Dr. H. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulembanso anthu m'Malawi, nalamula kuti amene ali ku migodi abwerere zipangano zao zikatha. M'zaka ziwiri pafupifupi onse anabwerera. Olemba mbiri ena amati ngoziyo inangopereka mpata, popeza minda yaikuru ya fodya m'Malawi inali kufuna anchito nthawi yomweyo. Kaya n'cifundo, kaya n'cuma, kaya zonse ziwiri, migodi inagwedezeka. Eni ace anathamangira ku Rhodesia kukalemba anthu, nakwezanso malipiro kuti akope eni dziko. Amalawi analoledwanso mu 1977, pamene Wenela inasanduka TEBA, imene anthu amaicha Theba, koma ciwerengero sicinafikenso pakale. Mu 1988 kunabuka mkangano pa za kupima magazi a Edzi. Maboma awiriwo sanamvane, ndipo kufikira 1992 anchito a m'migodi ngati 13,000 anabwezedwa kwao. Ndege yodzatenga mnyamata wosauka pa Chileka sinabwerenso. Ndipo caka comwe cija ca ngozi, 1974, ndico caka cimene bwalo la Lanseria linatsegulidwa, pa chire limene panalibe amene analota kuti padzakhala mudzi wa anthu miyandamiyanda.

Mudziwo unayamba mu 1995, ulamuliro wa tsankho utangotha. Boma linasamutsirako anthu amene anamanga misasa pa malo a eni ace ku Zevenfontein, ndi kuwauza kuti akhala kanthawi. Mu 2001 linaonjezako ena ocokera m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei ku Alexandra. Kanthawi kaja kanasanduka muyaya, ndipo kalembera wa 2011 anapezamo anthu oposa 138,000. Alendo anafikamo cifukwa nyumba n'zochipa ndipo nchito iri pafupi: kuseri kwa mipanda ya Dainfern ndi midzi ina ya olemera kufunika olima maluwa, ophika, olera ana ndi alonda. Amalawi a tsopano ndi a selefu onse. Palibe kalaliki anawalemba, palibe dokotala anawapima, ndipo palibenso amene analonjeza kuwabweza kwao.

M'zaka zomwezo mpando wa m'ndege unasanduka malonda a mtundu watsopano, ndipo zinayambira ku America. Mu 1978 boma la kumeneko linaleka kuikira makampani mitengo, ndipo anayamba kulimbirana anthu. Mu 1981 American Airlines inayamba kuwerengera munthu mitunda imene wauluka, kuti ikakwana impatse ulendo waulere kapena mpando wa kutsogolo. Mu 1987 inagwirizana ndi Citibank kuti munthu azilandira mitunda imeneyo ngakhale asanauluke, pongogula zinthu ndi khadi la ngongole. Nzeruyi inafika ku South Africa msanga: South African Airways inayambitsa Voyager mu 1994, ndipo banki ya FNB inayambitsa eBucks mu 2000. Kenaka kunadza makampani a mitengo yotsika. Kulula inayamba mu 2001, nifika pa Lanseria mu 2006, nigwa mu 2022. FlySafair inayamba mu 2014.

Kacitidwe ka makampani otere n'kakuti amadula tikiti nthulinthuli, monga wogulitsa nyama pa msika. Mtengo wolembedwa ndi malemba akuru ndi wa kunyamula thupi la munthu lokha ndi kacikwama ka m'manja. Sutikesi iri ndi mtengo wace. Kusankha mpando kuli ndi mtengo wace, ndipo wa pafupi ndi khomo lothawira, pamene pali malo a miyendo, uposa ina. Wosalipira amapatsidwa wotsala, kawirikawiri wa pakati, pamene munthu alibe zenera, alibe kanjira, ndipo zigongono zonse ziwiri ziri pa mlandu ndi anansi. Mwamuna ndi mkazi wace angathe kukhalitsidwa motalikirana. Ngakhale kulowa msanga kuli ndi mtengo. Wina angafunse kuti, kodi kulowa msanga kupindulanji, popeza ndege inyamuka nthawi imodzi kwa onse? Yankho liri m'timakabati ta pamwamba pa mitu. Popeza sutikesi ilipiritsidwa, ali yense amadzaza cikwama ca m'manja, ndipo wolowa potsiriza apeza malo atatha. Kampani imayamba yapanga kusowa, kenaka nigulitsa mankhwala ace. Ngakhale Southwest ya ku America, imene kwa zaka zoposa 50 inalola munthu kukhala pali ponse wapeza, inalengeza mu 2024 kuti ileka mwambowo.

Mwini khadi lapamwamba zambiri za izi sizimkhudza. Monga mwa pangano la banki yace, angathe kucotseredwa mtengo wa tikiti, kulowa m'cipinda copumulira ca pa bwalo mmene muli cakudya ndi mipando yofewa, kapena kuitanidwa poyamba. Ambiri amayesa kuti ndi mphatso ya banki, koma banki siidziwa kupatsa. Munthu akagula ndi khadi, mwini sitolo amalipira kagawo ku banki. Mwini khadi akalephera kubweza ngongole yonse pamwezi, amalipira ciwongoladzanja. Ndipo ndi ndalama zimenezi banki imagula mitunda ku kampani ya ndege. Kukula kwa malondawa kunaoneka mu 2020, mliri wa Covid utaimitsa ndege, pamene kampani ya Delta inakongola madola 9 biliyoni, cikole cace osati ndege, koma nchito yace yogulitsa mitunda. Tsono mwini sitolo sataya kagawo kaja; amakaika pa mtengo wa ufa ndi sopo, ndipo mtengowo ndi umodzi kwa wa khadi ndi kwa wa ndalama za m'manja. Cotero mai wa ku Diepsloot pogula mafuta ophikira amathirako kakobiri pa tiyi wa bwana wace m'cipinda copumulira, iye osadziwa, bwananso osadziwa.

Palibe lamulo loletsa mai ameneyu kukhala ndi khadi, pakuti zikwangwani za tsankho zinazulidwa mu 1990. Mpanda wa tsopano ndi wa mapepala. Lamulo la 2001 lifuna kuti banki idziwe bwino mwini wa ndalama, ndipo lamulo la ngongole la 2005 lifuna kuti isakongoze munthu isanaone ngati angathe kubweza. Malamulo onse awiri ali ndi colinga cabwino, ndipo laciwirilo lapulumutsa ambiri ku ngongole zopha. Koma wolima maluwa wolandira m'manja Loweruka, amene ciphaso cace cinatha masiku, alibe cosonyeza. Ndalama zace zipita kumudzi kudzera kwa otumiza monga Mukuru, ndipo pamenepo iye ndiye amalipira kagawo, osalandira mtunda ndi umodzi womwe.

Palinso zifukwa zina zimene zimkankhira ku basi, ndipo mtengo wa tikiti ndi cimodzi cabe. Mmalawi aloledwa kuceza m'South Africa masiku 30 popanda cilolezo capadera, ndipo kuyambira 2014 wopitirira masiku ace amalembedwa poturuka kuti asalowenso kwa caka kapena zaka zingapo. Pa bwalo la O. R. Tambo, kumene kunyamukira ndege za ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pasipoti imayang'anidwa tsamba ndi tsamba. Caciwiri ndi katundu. Ndege ilola sutikesi ya makilogalamu ngati 23, koma munthu amene wakhala zaka zinai osaona kwao sangafike ndi sutikesi. Afika ndi mabulangete, mbale, wailesi, makina osokera, mwina ndi firiji, pakuti kumudzi adzamuyesa ndi zimene watsitsa, monga anayesera agogo ace ndi njinga. Zonsezi zikwana m'ngolo ya kumbuyo kwa basi.

Tsono kusankha mpando kumene munthu wa ku Diepsloot akudziwa ndi kwa pa Park Station, pakati pa mzinda. Amalawira ndi minibasi kusanace, pakuti ku Diepsloot kulibe njanji. Wozolowera ulendo amapewa kumbuyo kweni-kweni, kumene kuli kutentha kwa injini ndi kudumpha, nafuna mbali imene angamaone ngolo ya katundu poima. Ulendo udzera ku Musina, nuoloka Limpopo pa Beitbridge, pamene mzere wa mabasi ungathe kudya usiku wonse, nupita ku Masvingo, ku Harare ndi ku Nyamapanda, nuoloka Zambezi pa Tete, nulowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza. Ndege imadula mtunda womwewo maora osakwana atatu.

Sikuti Amalawi a ku Joni sakwera ndege konse. Anamwino, aphunzitsi ndi amalonda amakwera, ndipo Air Malawi itafa mu 2013 m'malo mwace munalowa kampani ina mu 2014, ya boma la Malawi pamodzi ndi Ethiopian Airlines. Wa ku Diepsloot naye amakwera, koma kawirikawiri pa tsiku loipa: lamya yalira usiku kuti mai atsikira kuli cete, ndipo mwambo sudikira basi. Anzace a kumudzi umodzi ndi a mpingo amasonkha, nagula tikiti ya mawa lomwe, imene ndiyo yodula koposa zonse, popeza mitengo yochipa ndi ya ogula kukali milungu. Amalipira koposa mnzace wa pa zenera, nakhala pakati, nalowa potsiriza, ndipo palibe cimene aona m'njira cifukwa ca misozi.

Ulendo wina ndi wosafuna. Mu May 2008 cipolowe cothamangitsa alendo cinayamba ku Alexandra, nicifika ku Diepsloot masiku ocepa, ndipo m'dziko lonse munafa anthu 62. Mu April 2015 cinabukanso ku Durban, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi amene anakatula anthu pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Mu April 2022 mwamuna wina wa ku Zimbabwe anaphedwa ndi gulu la anthu m'Diepsloot momwemo, atamfunsa mapepala. Ogwidwa opanda ziphaso amasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kufikira tsiku lowabweza. Pamenepo amafola pa mzere, msilikali ali ndi cikalata ca maina, nalowa monga awaitanira. Nkhalamba ya Wenela ikanaona mzerewo ikanauzindikira.

Wobwera mwa kufuna kwace, basi ikamtula m'Blantyre ulendo sunathe, pakuti kwao ndi ku Mangochi, ku Mulanje kapena ku Ntcheu. Amasenzetsa katundu wace anyamata a ngolo, natsikira ku depoti yaikuru ya mabasi ya mumzindamo, pafupi ndi njanji. Anyamata oitanira amthamangira, ali yense akukoka cikwama ca ku basi yace, ndipo iye amaima pakati pa pfumbi kuwerenga mitolo yace kuti ione ngati yakwana. Malowo dzina lace ndi pa Wenela.